Mkuyu Umene Anatolapo Agogo

Anabwera kudzanditenga m'mawa wina mu Juni 1993, ndikugulitsa mtedza pa msika wa Lundazi. Anali amuna awiri a boma. Wamkuluyo anapempha reji yanga, chitupa cha unzika, n'kuwerenga dzina langa atakwinya nkhope ngati walawa ndiwo zosasa.

"Navarro. Iwe, dzina iyi unaichosa kuti?"

"Ni ya atate anga, bwana."

"Tiye ku ofesi ukakambe bwino. Sitizachedwa."

Mtedza ndinasiyira mayi wa pa benchi yoyandikana ndi yanga. Sindinauonenso, ndipo sindimuimba mlandu.

Zaka zimenezo othawa nkhondo ya ku Mozambiki anali ambiri m'chigawo chathu, ndipo ankasakidwa amene anachoka m'misasa n'kugula mapepala. Dzina langa linawamvekera ngati la Chipwitikizi. Nditawauza kuti ndi la ku Sipeni, wondifunsa mafunsoyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Onani uyu! Ise tikamba Mozambiki, iye atipeleka ku Sipeni. Chiwongo chako ndiwe ndani?"

Apa m'pamene panavuta. Kwathu aliyense ali ndi chiwongo, dzina la mtundu lochokera kwa bambo. Wokupatsa madzi umamuthokoza ndi chiwongo chake, ukaferedwa amakupepesa ndi chako. Ife chathu ndi Navarro basi, limene anthu a kwathu ku Mphamba amalitchula kuti Navalo. Ndinayankha choncho.

"Munthu alibe chiwongo ni foleni," iye anatero. "Lole ikabwela, uzayenda ku boda."

Mawa lake anandifunsanso, ulendo uno ndi paipi ya pulasitiki. Yankho langa silinasinthe, koma khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitokosi tinkagona pa simenti, kuzizira kwa Juni kukulowa m'mafupa. Anzanga akagawana mbatata ankathokozana ndi ziwongo zawo. Ine ankangonditcha Mozambiki. Galimoto iliyonse ikalira panja mtima unkandithawa, poganiza kuti akanditaya m'dziko limene sindidziwa munthu kapena chinenero, mkazi ndi ana anga atatsala kuno. Ndinkachita mantha kwambiri, sindibisa.

Mu Julaye atate anabwera. Anali ndi chifuwa kuyambira nthawi yokolola, koma anakakamiza mlamu wanga kuwakweza panjinga kuchokera ku Mphamba. Atanditulutsa, ndinawapeza atakhala pansi mu ofesi, chipewa chili pa bondo. Mpando wopanda munthu unalipo.

"Monire, bwana," anatero. "Uyu ni mwana wane. Dzina iyi nkhani yake niidziwa ndine."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akupumira. Chaka china cha njala, mzungu wina wa ku Sipeni, womanga nyumba za mishoni, ankadutsa njira ya ku Mphamba. Pansi pa mkuyu anapeza mayi atafa, kamwana kakumukoka nsalu. Anafunsa m'midzi yonse, koma palibe anamudziwa mayiyo, ndipo mwanayo ankangotha kunena kuti amama. Mzunguyo anamulera, namuphunzitsa kuumba njerwa. Pobwerera kwawo anati, munthu sangakhale wopanda dzina lomuthokozera, tenga langa. Anamuuza kuti Navarro ndiye kuti munthu wa ku Navara, dera la mapiri kumene makolo ake ankaweta nkhosa. Mwana uja ndiye anabereka atate anga.

Bwana wondifunsa mafunso uja anamvetsera akusewera ndi cholembera.

"Mudala, ndiye kuti imwe ndimwe bana otola chabe."

Magazi anga anawira. Atate sanakweze mawu.

"Otola, inde. Koma anawatola pano. Mkuyu uja ukalipo, tiyeni nikakuonetseni."

"Mtengo si mboni," bwanayo anatero, n'kuuza mlonda kuti andibweze mkati.

Potuluka atate anandigwira dzanja. Linali lotentha ngati mbale yochoka pamoto. Kuyambira ndili mwana ankandilonjeza kuti adzandionetsa mkuyuwo, koma chaka chilichonse ankati tikakolola. Tsiku limenelo ananong'ona kukhutu lovulala lija, moti ndinangomva mawu amodzi, akuti ukatuluka.

Lole inabwera mu Ogasiti. Inatenga anthu ena, ine n'kundisiya. Chifukwa chake sanandiuze. Kenako m'mawa wina mu Seputembala mlonda anatsegula chitseko n'kundiponyera lamba wanga ndi reji.

"Navalo, pita. Next usazibwelanso na maina ya bazungu."

Palibe amene anapepesa. Ndinayenda wapansi mpaka ku Mphamba. Nditafika pafupi ndi mudzi ndinaona mlongo wanga pa chitsime, mutu wometedwa. Ndinadziwa kuti kwathu kunagwa maliro. Atate anafika kunyumba tsiku lija mphepo itawalowa, anagona, osadzukanso. Anawaika ine ndili m'chitokosi, ndipo uthenga umene abale anatumiza kwa ine unathera pa geti.

Madzulo anthu a m'mudzi anabwera mmodzimmodzi, amayi akugwada pakhomo.

"Phepani, a Navalo. Phepani chomene."

Ankalitchula monga amatchulira chiwongo china chilichonse, osadodoma. Pamenepo ndinalira, kulira kumene ndinakukaniza pa paipi paja.

Ena amandilangiza kuti ana anga atenge chiwongo cha amayi awo, asadzavutike ngati ine. Ndimakana, mwina ndi liuma chabe. Dzinali analipereka ndi munthu amene anaima panjira pomwe ena ankadutsa, ndipo atate anafera kulichitira umboni. Sindingalitaye ngati chikwanje chothyoka.

Ufulu ndili nawo. Ndimapita kumene ndafuna, palibe wondifunsa reji. Koma ndafunsa okalamba onse za mtengo uja, ndipo aliyense amaloza kwina. Njira ya ku Mphamba ili ndi mikuyu yambiri. Ndikamadutsa panjinga ndimavula chipewa pa uliwonse, chifukwa sindidziwa kuti wathu ndi uti.