Dzina la Pakhoma la Kagolosale Kathu

Titachoka ku esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, kumene tinakhala matenanti zaka zambiri, amuna anga anatsegula kagolosale m'mbali mwa msewu pa Nathenje. Tinkagulitsa sopo, mchere, machesi ndi mafuta ophikira. Pamwamba pa chitseko analembapo okha ndi penti yobiriwira kuti Ebenezeri. Zilembo zomalizira zinapanikizana chifukwa khoma linawathera.

Ine sindinafunse tanthauzo lake. Ndinkayesa ndi dzina la mzungu wina wakale. Makondakitala a minibasi ndiwo analizolowera msanga, moti wofuna kutsika pafupi nafe ankangoti, "Pa Ebenezeri!" Ena anayamba kuwaitana amuna angawo ndi dzina lomwelo, iwo n'kumayankha.

Amuna anga anamwalira m'dzinja, atadwala chifuwa kwa nthawi yochepa. Pamaliro abusa anati, "Bambowa ankalidziwa Baibulo. Dzina lili pagolosale pawo lija ndi lachiheberi, limatanthauza mwala wa thandizo. Nkhondo itatha, mneneri wina anaimika mwala kuti anthu asaiwale amene anawafikitsa pamenepo."

Anthu anavomera kuti ameni. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi a mvano, ndikuyang'ana nyerere zimene zinkakwera mwendo wa benchi. Mawuwo ndinawamva onse, koma sanandikhudze paliponse. Mumtima ndinangoti, kani ndi mwala.

Patapita mwezi ndinakatsegulanso kagolosale kaja. Mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo, anabwera ndi ndowa ya laimu kuti apake khoma, poti mvula inali italidetsa.

"Alamu, dzinali tifufute? Mwina likumakupwetekani mtima mukaliona."

"Silindipweteka."

"Ndiye tilisiye?"

"Mmene mwaonera inuyo."

Anaima kanthawi burashi ili m'manja, kudikira kuti ndinene zina. Kenako anakwera pakreti, napaka khoma lonse, koma zilembozo anazilambalala, n'kusiya kachigamba kakuda pakati pa khoma loyera.

Tsiku limenelo kunabwera anthu ambiri, ena kudzagula, ena kudzangondiona. Aliyense ndinkamuyankha kuti ndili bwino. Ndinapima shuga, ndinathamangitsa mbuzi pakhonde, dzuwa litapendeka ndinatseka. Nditafika kunyumba mwana wanga wamkazi anandiuza kuti chitenje changa chayera ndi laimu kumbuyo konse. Ndinachivula, ndinachiviika m'beseni, ndinakhala pansi.