Mwana Amene Ankagona Pafupi ndi Injini

Matabuleti anafika pa sukulu ya mkaka ya kwathu ali m'bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, ndipo ine ndinangowaona n'kudana nawo. Anabwera nawo anthu a bungwe lina pa galimoto yoyera. Anakhoma sola padenga, anajambulitsa ndi ana athu akumwetulira, n'kumapita. Anati zonsezo n'zaulere. Ine ndinakulira padoko, kumpoto kwa Salima, ndipo ntchito yanga ndi yoyanika usipa pathandala. Padoko timadziwa kuti chaulere ndi nyambo yokha, ndipo nsomba imene yaikondwerera imathera m'chiwaya.

Mphunzitsi wa ana anali mtsikana wa ku Khombedza amene ankabwera pa njinga m'mawa uliwonse. Tinkangomutcha madamu. Anatiitana makolo kuti atifotokozere. Anati zilembo zikuluzikulu zimayandama pagalasi la tabuletiyo ngati tinsomba, mawu a mayi wina ali m'katimo amatchula chilembo, ndipo mwana amachigwira ndi chala. Akalondola, kambuzi kamatulukira n'kuvina. Kuti ana asamasokonezane, aliyense amavala mahedifoni.

Ndinaimika dzanja.

"Madamu, mayi ali m'katimoyo kwawo n'kuti? Akamalankhula m'makutu mwa mwana wanga ine osamva, ndidziwa bwanji zimene akumuuza?"

Azimayi anzanga anaseka, koma mawa lake pathandala funso langa lomwelo linali pakamwa pa aliyense, litamera miyendo. Ena ankati zinthuzo zimajambula nkhope za ana n'kuzitumiza kunja. Ena ankati zimaphunzitsa ana athu achisilamu nyimbo za kutchalitchi. Wina anafika pokumbutsa za anamapopa. Za magazizo ine sindinazikhulupirire, sukulu ndinapitako ndithu, koma mtima sunakhazikike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zinayi. Anali wachete, wamaso akuthwa, ndipo mawu ake ankatuluka oduka mutu kapena mchira. Sitinadandaule, poti ankati abambo ake nawonso anachedwa kulankhula. Apongozi anga, amayi a amuna anga, amene tinkakhala nawo bwalo limodzi, ankamutcha kamwano, chifukwa akamuitana ali chofulatira sankatembenuka mpaka atakuwa. Koma kukuwa kwathu si nkhani. Padoko pali mafunde, pali mwera, pali injini za maboti, mawailesi ndi ogula nsomba okangana mitengo. Munthu wa padoko akati akunong'oneze, alimi a mpunga ku Chinguluwe amamva nawo. Timaitanana ndi mmero wonse, dzanja likukodola.

Masabata oyamba mwana ankabwera kusukulu akuvina ngati kambuzi kaja. Kenako anayamba kubwera atakwinya nkhope. Tsiku lina anakaniratu kupita, nditamufunsa anangodzigwira makutu ndi manja onse awiri. Ndisanaganize chochita, madamu anandipeza pathandala akukankha njinga yake.

"Amayi, pepani ndakupezani pantchito. Ndikuona ngati makutu a mwana wanu ali ndi vuto. Bwanji mukamupimitse ku boma?"

Ndinapsa mtima.

"Makutu ake anali bwinobwino mpaka tsiku limene munamuveka zinthu zanuzo! Mwamuwononga, ndiye mwabwera kudzandiuza ngati mwandichitira chifundo?"

Ndinakuwa mopitirira ngakhale muyezo wa padoko. Madamu anangoti ndikafuna ndipite kusukuluko ndikaone ndekha, n'kukwera njinga yake. Madzulo ndinauza amuna anga kuti mwana sapondakonso kusukulu kuja. Iwo anali akusoka ukonde, anangoti, "Mwana ndi wanu masana onse, inu ndi amene mukudziwa." Apongozi anagwirizana nane ndi mtima wonse, zimene sizinkachitikachitika.

Mwana anayamba kutandala nane pathandala. Ndinkayesa kuti aiwala, koma ayi. Maboti a kwathu amalembedwa mayina m'mbali ndi penti, zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Ndinkamupeza ataima pambali pa boti lokokeredwa pamtunda, akutsata chilembo ndi chala, kenako n'kuima phee kudikira kuti kambuzi katulukire. Zinkandimvetsa chisoni, komanso zinkandiopsa. Ndinkadzifunsa kuti n'chinthu chanji chimene chimapweteka mwana, iye n'kumachifunabe chonchi. Anzake akamadutsa m'mawa ndi tizikwama tawo, ankawatsatira mpaka pamsewu, ine n'kukamukoka akulira.

Nditatopa ndi kulirako ndinaganiza zopita kusukulu, osati kukamubweza mwana, koma kukagwira mfiti ndi manja anga. Ndinafika ndi mwanayo anzake ali m'kati mwa masewera. Ndinati, "Ndipatseni ndivale ine." Madamu anandipatsa mahedifoni, ndinawakanikiza pamwamba pa mpango. Mayi wa m'katimo ankalankhula Chichewa chabwinobwino. Ankati, "Gwira B." Ndikagwira, "Wakhoza!" Ndinakhala pa kampando ka ana, maondo ali m'khosi, kudikira kuti anene china. Ndinalakwitsa dala kuti ndimuone mtima wake, iye anangoti, "Yesanso." Ndinavula ndikuganiza kuti mwina wazindikira kuti pali munthu wamkulu.

Kenako madamu anakhazika mwana wanga pakati pa anzake. Anamuikira masewera ofananitsa, amene mwana amakoka chilembo n'kukachiika pa chinzake chofanana nacho, popanda mawu alionse. Zala za mwana wanga zinkathamanga. Anamaliza anzake onse asanafike pakati, kambuzi kakungovina, iye akuseka. Ndinanyada, sindibisa. Madamu anasintha n'kumuikira masewera a mawu aja. Mwana anakhala duu. Anayang'ana galasi, anayang'ana madamu, kenako anasuzumira chala cha mnzake wa pambali n'kugwira pomwe mnzakeyo wagwira. Koma tabuleti ya mnzakeyo inkafunsa chilembo china. Kambuzi sikanabwere. Anayesanso, sikanabwere. Anavula mahedifoni n'kuwaika pansi.

"Mwaona, amayi? Zilembo amazidziwa kuposa onse muno. Koma mayi uja akamalankhula, iye sakumumva."

"Sakumumva chifukwa munamugonthetsa."

"Chabwino. Koma chitani chinthu chimodzi chokha. Mukamuyese pamalo achete, mumuitane ali chofulatira, ndi mawu wamba. Ngati kwanu kuno malo achete alipo."

Mawu omalizawo ananditsatira njira yonse. Mtsikana wa kumtunda ameneyu kundiseka ine pakhomo panga! Koma ndinayamba kuganiza, ndipo ndinapeza kuti nthawi yachete kwathu ilipo imodzi. Lachisanu masana amuna onse amapita ku mzikiti kukaswali Juma. Injini zimazimitsidwa, mawailesi amatsekedwa, ogula amabisala m'mithunzi. Lachisanu limenelo ngakhale mphepo kunalibe.

Apongozi anali pamkeka pakhonde, mikanda yopempherera ya tasibihi ili m'manja. Mwana anakhala pansi m'nyumba, msana kukhomo, akuyala timitengo ta machesi kupanga zilembo zake. Ndinaima pakhomo n'kumutchula dzina ndi mawu apansi, mawu amene ine mwini ndinawamva achilendo pakamwa panga. Sanatembenuke. Ndinasendera pafupi n'kumuitananso. Anapitiriza kuyala timitengo. Ndinati mwina ndi mwano uja, ndiye ndinanena chimene palibe mwana angachinyozere.

"Iwe, ndagula mandasi. Bwera udzatenge."

Mwana wanga amatha kugulitsa amake chifukwa cha ndasi limodzi. Sanagwedezeke n'komwe. Ndinafika kumsana kwake kwenikweni n'kunenanso kumanzere kwake, zii. Nditanena kumanja anapendeketsa mutu pang'ono ngati wamva ntchentche. Ndiye ndinakuwa dzina lake mwa padoko. Anatembenuka msanga akumwetulira, n'kundilozera chilembo chimene wapanga.

Ndinakhala pansi pomwepo. Apongozi anali ataona zonse kuchokera pakhonde, ndipo anayamba kulalata.

"Mwaona, amake mwana? Atiphera mwana anthu amenewa! Abambo ake akabwera ku mzikiti tipite kwa a komiti ya sukulu, bokosi lija alichotse. Mwana uyu anabadwa wangwiro, Alhamdulillah. Ndani anaonapo khanda losavuta ngati ili? Tinkamugoneka mumthunzi wa boti, anyamata akuliza injini pamutu pake penipeni, iye tulo. Makanda a anzathu ankadzidzimuka ndi azana ya ku mzikiti m'mawa, uyu ayi ndithu. Tsiku lija beseni linagwa pathandala, agalu mpaka kuthawa, uyu ngakhale chikope…"

Mawu awo anathera pomwepo. Zala zawo zinasiya kuyenda pa tasibihi. Anandiyang'ana, nanenso ndinawayang'ana. Nkhani ya khanda logona pafupi ndi injini tinkaifotokozera mlendo aliyense monyadira, ndipo azimayi a pathandala ankandisirira nayo. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe tabuleti, ngakhale sola padenga la sukulu. Ndinakumbukiranso chaka chimene makutu ake ankatuluka mafinya, ife n'kumadonthezamo mafuta mpaka anauma, tikuti ndi madzi a m'nyanja chabe, mwana aliyense wa kuno amadutsamo.

Apongozi sanatchulenso za komiti. Anangoti chapansipansi, "Ndiye nthawi yonseyi ine ndimati kamwano." Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa mawu chonchi.

Sabata yotsatira tinakwera minibasi pa Khombedza kupita ku boma. Dokotala anamuunika m'makutu, anamuimbira tizinthu tolira kumbuyo kwake, n'kunena kuti vutolo si la dzulo kapena dzana. Mwina anabadwa nalo, mwina matenda a makutu aja anawonjezera. Khutu la kumanzere linali litapita kutali, la kumanja linkagwirako. Anatilembera kuti tikaonanenso ndi ena ku Lilongwe. Ine ndinafunsabe ngati mahedifoni angachite zimenezi. Anati ayi. Tikutuluka ndinabwereranso pakhomo n'kufunsa kachiwiri, mwina poyamba sanandimvetse. Anaseka pang'ono n'kunena kuti mahedifoniwo ndiwo anaulula vutolo, chifukwa m'menemo mulibe dzanja lokodola kapena milomo yoti mwana aiwerenge.

M'minibasi pobwerera ndinamukhazika pamiyendo, khutu la kumanja lili kukamwa kwanga. Ndinkamutchulira zilembo za pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, iye n'kumaziloza. Ndinalira, ndipo kondakitala anayesa kuti tachokera kumaliro.

Kusukulu ndinabwerera naye m'mawa wotsatira, nditanyamula kambale ka usipa wouma, wosankha bwino. Pakamwa panga sipapepesa msanga, koma madamu anamva chimene usipawo unkanena. Anamukhazika mwana kutsogolo. Kuyambira pamenepo ankayamba wagwada patsogolo pake, n'kutchula chilembo mwana akuona milomo, kenako n'kumupatsa tabuleti kuti achisake. Kambuzi kanayambanso kuvina. Atandiona ndikusuzumira pawindo, madamu anati, "Amayi, lowani, mayi wanu uja wakusowani." Ndinalowa n'kuvalanso mahedifoni. Mpaka lero ndikadutsa pasukulupo ndimapempha kumvetserako pang'ono, chifukwa sindinamvebe kuti mayi ameneyu kwawo n'kuti, ndiponso amene anamutuma akufuna chiyani kwa ana a asodzi. Pathandala akandifunsa ndimati sindinamugwire ndi kanthu, koma sindinasiye kumulondalonda.

Chimene chinasintha kwambiri ndi pakhomo pathu. Apongozi anga maondo awo ndi ovuta, ndipo kudzuka pamkeka ndi ntchito imene amaiganizira kaye asanaiyambe. Moyo wawo wonse akafuna munthu ankangokuwa ali chikhalire, bwalo lonse n'kuthamanga. Tsiku lina ndikuchokera kuthandala ndinawaona akufuna kumuitana mwana, yemwe ankalemba pamchenga chofulatira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anagwira chipupa, anadzuka pang'onopang'ono, anatsika pakhonde, anazungulira bwalo akutsimphina mpaka anafika kutsogolo kwake. Anawerama kuti mwana aone nkhope yawo, n'kumuuza kuti abwere adzadye ndasi limene anamusungira.