Msonkhano wa Madayilekitala Pamaliro

Udayilekitala unandipeza pakhonde panga ku Area 25. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anabwera ndi mapepala, nati akutsegula kampani youmba mabuloko a simenti ndipo akufuna dzina lachiwiri. Ndinasaina. Phindu lomwe ndinapeza ndi loti ana a m'dera lathu anayamba kunditcha bwana.

Kampaniyo inagulitsa mabuloko kwa bambo wina wa ku Area 36. Mvula yoyamba itagwa, mpanda wake unagona pansi wonse, ndipo bamboyo anasumira kampaniyo. Mlamu analemba loya, mlandu tinaluza, kampani inafa. Loyayo atafuna malipiro ake anapeza kuti chuma chonse cha kampani ndi wilibala yopanda tayala. Anaikana. M'malo mwake anasumira ife awiri, ponena kuti tinalonjeza kumulipira za m'thumba mwathu. Lonjezolo anasaina ndi mlamu, m'malo mwa tonse.

Kwathu katundu woti masherifu akanalanda anali furiji basi. Mkazi wanga ankaumitsiramo mafirizi ogulitsa pageti la sukulu, ndipo ndiwo zathu zinkachokera mmenemo.

Kukhoti jaji anafunsa mlamu ngati ine ndinavomereza lonjezolo.

"Anavomera, bwana. Tinachita msonkhano wa madayilekitala."

"Kuti?"

"Ku Mgona, pamaliro a atsibweni athu."

Apo ndinakumbuka. Tinali titasenza bokosi, iye patsogolo ine pambuyo pake, amayi a mpingo akuimba. Anapotoza khosi nandinong'oneza kuti, "Alamu, za loya zija ndikasainira tonse." Ine ndinati, "Chabwino, alamu."

Jaji anatembenukira kwa ine. "Munatero?"

"Ndinatero, bwana. Munthu sakangana ndi mlamu wake atasenza maliro. Akanandipempha nyumba tsiku limenelo, ndikanatinso chabwino."

Loya uja anaimirira, nati madayilekitala onse analipo, nkhani inakambidwa, ndipo palibe anatsutsa. Jaji anafunsa yemwe ankatsogolera msonkhanowo. Mlamu anaganiza kwa kanthawi, nayankha kuti mwina abusa, chifukwa ndiwo anali patsogolo. Jaji anavula magalasi ndi kuyamba kuwapukuta.

Chigamulo chinali chachifupi. Ulendo wa kumanda si msonkhano wa kampani. Dayilekitala ali ndi ufulu woitanidwa bwinobwino ndi kupatsidwa mpata wokana, mapewa ake ali opanda katundu. Ngongole ya loya inagwera mlamu yekha.

Muminibasi ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ngati bwana weniweni. Nditafika kunyumba ndinapeza furiji yazimitsidwa, chitseko chake chili chotsegula, mkazi wanga akuipukuta m'kati.

"Amayi, mlandu ndawina," ndinatero.

"Ndamva, abambo. Achimwene aimba foni. Akuti akapanda kulipira, masherifu akawatengera bedi ndi malata omwe."

"Koma khoti lanena kuti ife sizikutikhudza."

"Khotilo linayamwa bere limodzi ndi ine?"

Ndinafuna kufotokoza za ufulu wa dayilekitala. Iye anali atapeza kale wogula furijiyo, mayi wina wa golosale pafupi ndi msika.

M'mawa mwake mlamu anabwera kudzainyamula. Anabwera ndi wilibala ya kampani ija, atapeza tayala. Furiji inali yolemera, moti anandipempha kuti ndimugwirire mbali imodzi. Titainyamula, anapotoza khosi kufuna kundiuza kanthu.

"Alamu," ndinatero, "tiyambe taiika pansi."