Thanki ya Pampu pa Maliro a Mkazi Wanga

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yotentha. Maliro tinakhalira pakhomo pathu ku Mtendere. Amuna anali panja pansi pa tenti, akazi m'nyumba, ophika kuseri ndi mbaula zawo. Kunabwera a kumpingo, anzake a kumsika, ndi achibale ochokera ku Katete. Onsewo ankafuna madzi.

Pakhomo pathu pali chitsime chobowola ndi pampu yamagetsi. Ndinalumikiza ndekha nditapuma pantchito, ndipo palibe ankagwirapo koma ine. Pambali pa pampu pamakhala thanki yaing'ono yachitsulo. M'kati mwake muli mphira wolekanitsa madzi ndi mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umakankha madzi kupita kumpopi. Mphira akang'ambika, thanki imadzaza madzi okhaokha, pampu n'kumangoyaka ndi kuzima mpaka kupsa.

M'mawa wina, amayi akuimba nyimbo m'nyumba, ndinamva zomwezo. Kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima. Pampu ikanapsa, akazi akananyamula zigubu kukapempha madzi m'makomo a eni, pa maliro a mayi amene sanamanepo munthu madzi. Thanki yatsopano inalipo, ndinagula iye asanagonekedwe m'chipatala. Ndinanyamuka.

Mlamu wanga, mlongo wamkulu wa malemu, anandigwira mkono.

"Muyenda kuti, ba mulamu?"

"Kupampu."

"Wofedwa sagwira nchito. Thupi likali ku mochale, imwe muli ku mapaipi? Anthu azakamba chani?"

"Ikapsa mudzamwa chiyani?"

"Amuna tili mbwee pano. Imwe kambani chabe."

Anaitana mkamwini wanga, woyendetsa minibasi. Munthu wabwino, koma manja ake amadziwa chiwongolero basi. Anandiikira mpando pakhomo pa kanyumba ka pampu. Ndinakhala, manja pamaondo.

Ndinamuuza kuti azimitse magetsi, atseke vavu ya paipi, atsegule mpopi kuti madzi atsike. Anatsika pang'ono n'kuima. Ndinati adine kamsomali ka mpweya pamwamba pa thanki, konga ka tayala la njinga. Madzi adzimbiri anamuthovukira kumaso.

"Batata, inafa kale iyi," anatero akupukuta ndi malaya.

"Ndamva kale. Tengani bobojani, sipanala ya mapaipi ija."

Anamasula movutika. Poti anyamule, inakana.

"Ilemera kupambana injini ya basi!"

"Muli madzi. Gwirani awiri."

Iye ndi mlamu anaikokera panja n'kuipendeketsa pansi pa mtengo wa gwafa. Inakhutula madzi ofiira kwa nthawi yaitali. Tinangoiyang'ana. M'nyumba nyimbo inatha, ina inayamba.

Yatsopano inali yopepuka ngati chidebe. Mkamwini anakulunga tepi yoyera pamazinga chobwerera. Ndinamuuza, anachotsa, anakulunganso. Pomanga ndinaona kuti yalowa mopendekeka.

"Bwezani. Yapotoka."

"Yangena bwino, batata."

"Ndati yapotoka."

Anabweza pang'ono n'kumanganso, chimodzimodzi. Manja anga anachoka pamaondo. Mlamu anatsokomola. Nthawi yomweyo mayi wina wa kumpingo anafika ndi ndowa yopanda kanthu, nagwada chapatali.

"Atate, nyemba zili pamoto, madzi atha."

Ndinabweza manja. "Limbitsani momwemo," ndinatero. "Yatsani."

Pampu inalira ulendo umodzi wautali, kenaka inakhala chete. Mayi uja anatsegula mpopi, ndowa inadzaza, pampu osadzuka. Ndinanyamula mpando wanga ndekha kubwerera kutenti. Mlamu anafuna kundilanda, ndinamuyang'ana, anausiya.

Mkazi wanga tinamuika mawa lake. Pobwera kumanda anthu anasamba m'manja pachipata, aliyense, mpaka womaliza. Anadya, anamwa, mbale zinatsukidwa. Palibe chigubu chinatuluka pakhomo panga.

Polumikizira paja pamadontha mpaka lero. Bobojani ndili naye, mphamvu zikadalipo, ndi ntchito yosafika ndi masana omwe. Ndinaikapo kachitini pansi. Kakadzaza ndimakathira maluwa amene iye anasiya pakhonde.