Alamu Anga ndi Madzi a ku Chinyunyu

Tauni yathu ya Rufunsa siichedwa kutha. Basi ya ku Chipata imaidutsa dalaivala asanamalize kutsokomola. Inakhala pakati pa mapiri, ndipo muli maofesi a boma, kiliniki, masukulu ndi msika. Akuluakulu amati kale kunkakumbidwa golide, koma ife tinapeza maenje okha, ogweramo mbuzi.

Achimwene anga atakwatira Mbemba wa ku Lusaka, alamu angawo anabwera kudzationa. Ife ochokera kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachibale, choncho ndinawadikira ngati mvula yoyamba. Anatsika minibasi atavala nsapato za gogoda.

"Ba mulamu," anatero, "kandionetseni tauni yanu."

Ndinawayendetsa. Tinadutsa pa maofesi ndi pa kiliniki, tinagula nthochi pamsika, mpaka tinafika kumene nyumba zimathera, kwatsala matumba a makala m'mbali mwa msewu.

"Nanga m'tauni tifika nthawi yanji?"

"Mwadutsamo kale, alamu. Ndi paja munataya khoko la nthochi."

M'mawa mwake ndinapita nawo ku Chinyunyu, kumene madzi amatuluka pansi akuwira, nthunzi ili tolotolo, fungo ngati la dzira lowola. Ndinawauza, nkhope ili ya m'tchalitchi, kuti madziwo amawotcha okhawo amene amajeda apongozi awo. Ine ndinaviika dzanja kumunsi, kumene madzi amafika atapola ndipo azimayi amachapirako. Iwo ndinawalozera chakumtunda.

Anangokhudza ndi nsonga ya chala, n'kudumpha, nsapato imodzi n'kutsala m'matope.

"Mayo! Ndinangonena kamodzi kokha kuti ndiwo zawo zimachuluka mchere!"

Azimayi ochapa aja anaseka mpaka wina sopo anamupulumuka. Mayi wina wa mtundu wa Asoli, eni dera lino, anawatolera nsapato ija, nati, "Mwana wanga, madziwa amawotcha ngakhale abusa."

Titafika kunyumba, anakaulula okha kwa amayi anga, apongozi awowo, poopa kuti ndiyamba ndine. Amayi anaseka, n'kuwapatsa nkhuku ndi mpeni kuti aphike iwo, tione mchere wa ku Lusaka.

Nkhukuyo inakoma, aliyense anayamikira. M'mbale yanga yokha ndi mmene anathiramo tsabola wodzaza dzanja. Ndinadya misozi ili chuchuchu, alamu atagwada pambali panga mwaulemu wonse, akufunsa ngati andiwonjezere msuzi.