Alendo a Lalla Rkia

Apongozi anga, a Lalla Rkia, anali ophika pa maukwati kuno ku Sefrou. Ndi mayi olongolola: ukachulutsa mchere ankakufunsa ngati kwanu mumamwa madzi a m'nyanja. Nditangokwatiwa ndi mwana wawo Lahcen ndinkawaopa, mpaka pamene ndinabereka Ilyas, iwo n'kumandisambitsa okha ngati mwana wawo.

Chaka chino khansa yawalowa m'mafupa. Achipatala anati chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Namwino amene amadzawaona kunyumba, a Touria, anatisiyira botolo la morofini, n'kutiuza kuti azimwa pa nthawi yake, tisamadikire kuti ayambe kubuula.

Koma mankhwalawo amagonetsa. Ndipo poti kuzonda wodwala kuli ndi sawabu, mphoto ya kwa Mulungu, aliyense amene anadyapo nkhuku ya m'manja mwawo akufuna sawabu zake. Lachisanu akatuluka mumzikiti amadzaza pabalaza, ine kalikiliki ndi tiyi, mwana kumsana. Alamu anga aakulu, a Abdelkbir, analamula kuti tsiku la alendo mankhwala azidikira alendowo achoke.

"Anthu achoke ku Fes konse kudzaona munthu ali mtulo? Adzati amayi tawaledzeretsa."

Ndiye amayi tinkawaveka kafutani, mkanjo wa pachikondwerero, n'kuwatsamiritsa pa mapilo ngati mkwatibwi. Alendo amvekere, "Lerotu mukuoneka bwino, Lalla!" uku akutafuna mabisiketi. Amayi n'kumwetulira. Wothira tiyi amawerama, ndiye ine ndinkaona zala zawo zikukanda bulangete kunsi, thukuta likutsika kuseri kwa khutu, mlomo ataluma mpaka magazi. Anthu opemphera bwinobwino, kudzatola madalitso pa msana wa munthu amene akupsa! Ndinkalakalaka kuwakhuthulira ketulo pamiyendo.

Lachisanu lapitali ndikuwamanga mpango, amayi anandigwira dzanja.

"Iwe mwana, lilime unaliiwala kwanu? Ndakudyetsa zaka zonsezi, pakamwa pokha osanenepa?"

"Alamu akaniza, amayi."

"Abdelkbir matewera ndinkamusintha ndine. Mafupa akuphwanyikawa ndi ake?"

Ndinawamwetsa mankhwalawo, n'kuwagoneka. Kenako ndinatseka chitseko cha kuchipinda kwawo, ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, n'kuyamba kuyamwitsa Ilyas. Ndinkadziwa kuti palibe mwamuna angandikhudze kapena kundidumpha ndili choncho.

A Abdelkbir anabwera, n'kuima chapatali, maso kudenga.

"Iwe mkazi wa Lahcen, wachita chiyani? Alendowa ndiwauza chiyani?"

Chikwatiwire ndinali ndisanawayankhepo.

"Auzeni kuti amayi agona. Akafuna kuwapempherera, Mulungu amamva ngakhale chitseko chili chotseka."

Alendo anamwa tiyi wozizira n'kumapita akung'ung'udza. Alamu mpaka lero sandipatsa moni, ndipo mwamuna wanga akuti ndamuchititsa manyazi. Achite manyaziwo. Botolo tsopano ndimayenda nalo m'thumba la diresi, ndipo nthawi ikakwana sindifunsa munthu. Dzulo amayi anadya msuzi theka la mbale, n'kundikalipira kuti anyezi sindinakazinge bwino.