Mpando wotsiriza wa alamu anga

Usiku watha ndinalota tili ndi chisankho cha nyumba yachiwiri ya malamulo, yomangidwa pamwamba pa yakale ija. Ife oyendetsa njinga za kabaza tinali ndi kachipani kathu, chizindikiro chake belu. Wotiimira anali alamu anga a Binwelo, amene timaima nawo pa siteji imodzi.

Alamu analibe nkhawa. Ankati anapangana kale ndi akuluakulu a zipani zikuluzikulu kuti mavoti otsala akatigawire ife, monga mwa lamulo lakale.

Ndiye tinafika povotera, pasukulu, koma mkati mwake munali ngati m'chigayo. Mayi woyang'anira chisankho anakwera pa desiki n'kulengeza kuti lamulo lasintha m'mawa womwewo. Mapangano a atsogoleri atha ntchito, aliyense alembe yekha chipani choyamba, chachiwiri, chachitatu. Alamu anangokhala pansi n'kuvula nsapato.

Pepala lovotera linali lalitali ngati chitenje, belu lathu lili kumunsi kwenikweni. Ndinadziwa kuti basi, tagwa.

Kenako pamzere ndinaona anthu amene ndimawanyamula tsiku ndi tsiku. Anaphiri ogulitsa tomato anandikodola.

"Achimwene, musadandaule. Poyamba ndaika chipani changa chakale, sindinama. Koma pachiwiri ndaika inu. Suja munandithamangitsira kuchipatala mvula ili pamsana?"

Aphunzitsi ena ananenanso zomwezo, ndi agogo ena amene sindinawaonepo.

Kuwerenga kunachitikira pabwalo la mpira. Mipando yonse inapita ku zipani zazikulu, kutsala umodzi. Atayamba kuwerenga mavoti achiwiri, mulu wathu unakula mpaka kupitirira golo. Kachipani kena, kamene kankadalira mapangano okhaokha, kanatsala ndi mapepala atatu, mtsogoleri wake n'kuyamba kutiimbira m'manja. Mpando wotsirizawo unagwera alamu.

Ndiye ndinawakweza pa kaliyala, atavala suti koma opanda nsapato, n'kuyamba kupalasa pa masitepe kukwera kumtunda, ku nyumba yatsopano ya malamulo ija. Njinga inkapepuka ngati sindinanyamule munthu, ine ndikungoseka. Titafika pakhomo, mlonda anati tilize belu kuti atitsegulire. Nditangoligwira, akazi anga anandigwedeza kuti kasitomala akudikira panja.

Tsono anzanga, ndimasulireni. Alamuwa akufunadi kuimira ukhansala, ndipo Lamlungu anandipempha kuti ndiziyenda nawo pa misonkhano. Sindinawayankhebe. Malotowa akuti ndivomere, kapena ndinangokhuta mbatata?